Chingoni Pofika Loweruka

Lolemba

Kope latsopano, cholembera chatsopano. Munthu ndi yemwe uja, koma ndayamba kudzidabwa.

Ndilembe mwadongosolo, monga amanenera aphunzitsi a Chichewa: chiyambi, thunthu, mathero.

Chiyambi. Dzulo titaweruka kutchalitchi kunali msonkhano wa chitukuko pansi pa mabulugamu. Alangizi a zachitukuko anabwera pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Akuti boma latulutsa ndalama za chitukuko cha kumidzi, ndipo ulendo uno muli kagawo ka ziyankhulo za makolo zomwe zikutha. Mudzi umene uonetse kuti ukuphunzitsa chiyankhulo chake adzaumangira kanyumba. Malata, mabenchi, sola, shelefu ya mabuku! Koma mudzi umodzi, chinthu chimodzi. Alendo ochokera ku Ntcheu Boma abwera Loweruka kudzaona okha.

Azibambo onse pakamwa pamodzi: shedi ya mbatatesi kumsewu, mavenda asamatinyenge chifukwa cha dzuwa ndi mvula. Nkhani inali itatha basi.

Ndiye ine ndinakweza dzanja. INE! Ine amene ndikatumidwa mchere kugolosale ndimayeseza kaye mawu panjira.

Ndinati, "Timati ndife Angoni. Nanga Chingonicho chili kuti?" Mawu anatuluka ngati a mwanapiye wogwera m'madzi, koma anamveka. Anthu kuwomba m'manja! Alangizi akuti alemba ziwiri zonse, shedi ndi kanyumba, alendo adzasankha. A Nangozo, apampando a komiti ya chitukuko, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzala za kumapazi. "Mwanayu wanena zoona. Ndiye poti wayamba ndi iweyo, umalize ndi iweyo. Loweruka alendo apeze kalasi."

Thunthu. Chingoni sindichidziwa.

Ndimadziwa liwu limodzi: zaithwa, kutanthauza zikomo. Koma limenelo ngakhale akabaza a pa Nsipe amalidziwa.

Zofunika:
mphunzitsi wodziwa Chingoni
ophunzira
malo
choko
mtima usamagunde chonchi

Kanyumbako ndikukafuna, sindinama. Pano powerengera palibe. Ndikatsegula buku, mng'ono wanga Yamikani akufuna ndimuchotse minga, nkhuku yakwera pa tebulo, utsi m'maso. Komanso pali china chimene sindinanene pamsonkhano. Chishango cha malemu abambo chili pakhoma kuchipinda kwa amayi. Ankavina ngoma, ankaimba mpaka misempha ya m'khosi kuima. Nyimbo zija ndimazikumbuka kamvekedwe kake kokha. Zimene ankanena, sindidziwa.

Amayi akuti, "Dzanja lakolo likanakhala lofulumira chonchi ku dimba, bwenzi tili ndi galimoto."

Mathero: palibe. Ndadya pang'ono. Ndasesa pabwalo kawiri popanda wondituma.

Lachiwiri

M'mawa.

Ndapita kwa a Kamzingeni. Ndi amene amatsogolera nyimbo za ngoma pa maliro a akuluakulu ndi pa ziliza. Masiku ena onse amasema mipini ya makasu ndi kukangana ndi mbuzi za eni. Ndawapeza pakhonde, kasemasema m'manja.

Ndagwada. Moni. Za kunyumba. Za chifuwa chawo. Za mphepo ya chaka chino. Za mtengo wa feteleza. Maondo kuwawa! Kenako ndanena nkhani yanga yonse mpweya umodzi.

Avomera msangamsanga! "Aa, Chingoni? Chadzaza m'mimba muno, mdzukulu wanga."

Ndatulutsa kope ndi cholembera. Ndafunsa kuti madzi m'Chingoni timati chiyani. Andiyang'ana. Ayang'ana mpini. Ayang'ana phiri la ku Mozambique.

"Pakhosi pouma Chingoni sichituluka."

Ndati ndikatunge madzi? Aseka mpaka kutsokomola. Akuti Chingoni si tomato woti ungayale pa benchi aliyense azisankha. Chimafuna masese. Oyamba uthire pansi amwe eni ake amene anagona, achiwiri umwe iwe, mwendo ugunde nthaka, ndiye mawu amabwera okha. Ukafuna kuwakoka popanda zimenezo amabisala.

Ndikuganiza kuti akuseleula. Akuluakulu amatero. Masana akaona bolodi ndi anthu, mawu abwera.

Madzulo.

ANTHU ABWERA! Chisakasa cha tchalitchi chadzaza, ena aima panja. Azimayi ndi ana kumbuyo, anyamata a pa bawo, ngakhale azibambo a shedi aja. Ndatsala pang'ono kulira. Ndadziuza mumtima: waona, Angoni ali ndi ludzu la chiyankhulo chawo.

Ndaimirira kutsogolo. Ndisanatsegule pakamwa, bambo wina, "Pepani aphunzitsi, tisainira poyamba kapena pomaliza?"

Kusainira chiyani?

"Alawansi."

Kumbuyo mayi wina, "Zakumwa zili m'njira? Ine yanga ikhale ya orenji, inayo imanditupitsa."

Kani wina wafalitsa kuti kwabwera pulojekiti. Ndipo kuno aliyense amadziwa kuti pulojekiti ndiye kuti mabanzi, botolo ndi kaenvelopu. Ndafotokoza kuti ndalamazo sizinabwere, ndipo zikabwera n'za malata. Chete amene anagwa pamenepo, ngakhale pa maliro sindinamuonepo.

A Kamzingeni tawapatsa mpando wa abusa. Akhala bwinobwino, anena kuti "Zaithwa," atseka maso. Basi. Ndawaitana, ndawaitananso. Akuti khutu la mbali imeneyo linafa kalekale. Ndazungulira mbali inayo. Akuti limenelonso lero silili bwino.

Ndalemba ZAITHWA pa bolodi, zilembo zokongola ndithu. Onse abwereza. Abwerezanso. Mnyamata wina akuti, "Limeneli ndiye tabadwa nalo, pitani pa lina."

Lina liti?

Zimene taphunzira lero: zaithwa.
Zimene ndaphunzira ine: choko chimathyoka munthu akamanjenjemera.

Lachitatu

Kwabwera malole a mavenda ochokera ku Blantyre. Mudzi wonse uli ku madimba, kukumba mbatatesi ngati mawa kulibe. Nanenso m'mawa wonse ndinali komweko, kutola ndi kusankha, maso ali ku dzuwa.

Amene abwera ku kalasi:
Tadala, chifukwa ndi mnzanga ndipo ndinamulonjeza kumuluka tsitsi
Yamikani ndi gulu lake, akadali ndi chikhulupiriro pa mabanzi
mayi wina amene amayesa kuti lero ndi sikelo ya ana
galu wa a Nangozo

A Kamzingeni atumiza uthenga kuti pakhosi pakadali pouma.

Ndili pafupi kufufuta bolodi, kwatulukira amalume a Sitivi, achimwene awo a amayi. Anakhala ku Joni zaka zambiri akugwira ntchito ya zomangamanga, anabwerako ndi jekete lachikopa ndi wailesi yosalira. Jeketelo savula ngakhale potentha.

"Mphwanga, ukuvutikiranji ine ndili moyo? Chingoni ndi Chizulu ndi mwana ndi mayi ake. Makolo athu anachokera komwe ndinali ineko. Ndipatse chokocho."

Mtima pansi! Mwina Mulungu wayankhira ku Joni.

Aphunzitsa ndi mphamvu, manja m'mwamba, lilime likuthethetsa ngati akuitana nkhuku. Ana asangalala kwambiri. Ine ndalemba zonse, kenako ndafunsa matanthauzo. Ndi awa:
bweretsa wilibala
simenti yatha
bwana sanalipire
thawani, apolisi!

Ndafunsa mwaulemu ngati pali mawu ena, monga a moni, a mvula, a ng'ombe, a mayi ndi mwana. Akuti, "Mphwanga, ku Joni ine sindinapite kukacheza ndi ng'ombe."

Komabe ndi mawu. Alendo a ku Boma angadziwe kuti ndi za wilibala? Ayi, ndisaganize choncho. Kumeneko n'kunama. Koma angadziwe?

Chakumadzulo.

Zavuta. Pali liwu lina limene amalume anawaphunzitsa anyamata ine nditapita kukatsuka chofufutira. Yamikani walinena kwa akulu a mpingo amene amasunga makiyi, iwo akudutsa pa njinga. Kani nawonso anakhalako ku Joni pa unyamata wawo! Atsika pa njinga. Abwera mpaka kunyumba.

Amayi afunsa amalume tanthauzo lake. Amalume akuti liwulo ndi lozama, m'Chichewa mulibe. Amayi akuti, "Achimwene, lozama kapena losazama, mukalinenanso pakhomo pano mudzadyera ku Joni konko."

Yamikani walandira zake. Akundiyang'ana ngati ndine ndinapita ku Joni.

Kwatsala mawa ndi mkuja. Ndaluma cholembera mpaka chasweka kumapeto.

Lachinayi

Ndadzuka ndi nzeru: thobwa! Nalonso ndi la chimera, nalonso ndi la m'chipanda. Kusiyana kwake n'kochepa. Ndapempha amayi kabotolo, ndanyamula mpaka kwa a Kamzingeni.

Alandira ndi manja awiri. Athira kadontho pansi, kakang'ono kwambiri. Amwa lonse osapuma. Apukuta ndevu. Ine kope lili chotsegula, cholembera chili chilili.

"Lakoma. Uwauze amayi ako kuti dzanja lawo ndi labwino. Koma thobwa, mdzukulu wanga, limatulutsa Chichewa chokhachokha."

Ndipo achitulutsadi! Za mbuzi ya aneba, za bondo lawo, za mkamwini wawo waulesi. Dzuwa mpaka kufika pamutu.

Ndiye palibe kuchitira mwina, pakufunika masese enieni. Ndayamba ndi amayi, mozungulira. Ndati, mwachitsanzo, munthu wina, osati ine, atafuna kamowa pang'ono chifukwa cha maphunziro...

Amayi aika chipande pansi. "Mwana wanga ine, wa kwaya, kusenza mowa? Kupita nawo pa chisakasa cha tchalitchi? Ukufuna azindilengeza kutsogolo?"

Za chisakasazo asadandaule. Akulu a mpingo aja atsekera kale mabenchi m'kachipinda. Akuti nyumba ya Mulungu si malo ophunzirira za ku Joni.

Kalasi ilibe mphunzitsi, ilibe malo, ilibe mabenchi. Bolodi nalonso linali la Sande sukulu.

Ndayenda mudzi wonse ngati nkhuku yofuna poikira. Kusukulu atseka, ndi holide. Pansi pa mabulugamu pali matumba a mbatatesi. Pomaliza ndapeza: dibi lakale losambitsiramo ng'ombe kumunsi kwa phiri. Ng'ombe zinatha kalekale, matenda ndi akuba, kwatsala khoma la simenti ndi mipanda yothyoka. Pokhala palipo. Tadala akuti pakununkhabe mankhwala. Ine ndati ndi fungo la mbiri yathu. Wandiyang'ana, "Iwe chiyambireni kulemba m'kope muja wayamba kuyankhula ngati wailesi."

Ndalimba mtima, ndapita kwa a Nangozo. Ndawapeza akusoka matumba. Ndanena zonse, maso ali pansi. Sanakalipe!

"Masese? Ukanabwera Lolemba, mwana iwe. Mowa suphikidwa ngati tiyi." Aganiza pang'ono. Akuti kuseri kwa phiri kuli mayi wina amene wake upsa Loweruka m'mawa, komiti ikatengako mtsuko. "Koma pakamwa utseke. Amayi ako akafunsa, ndi thobwa la alendo."

Loweruka m'mawa! Ndiye kuti Chingoni chidzatuluka tsiku lomwelo la alendo. Kuyeseza palibe. Ophunzira adzachimva koyamba limodzi ndi alendowo.

Ndasesa dibi lonse ndekha. Mphepo yabweza zinyalala zonse.

Lachisanu

Alendo ndi mawa. Ndikakhala pansi ndikufuna kuima, ndikaima ndikufuna kukhala.

Bolodi lapezeka: chitseko chakale cha khola la nkhumba, tachipaka makala. Choko chikulemba, koma mphepo ikawomba chitseko chikugwa. Yamikani ndiye wochigwira. Akuti ndimulipire mabanzi a mtsogolo.

Ndayesa njira ina. Pali nyimbo ya ngoma imene abambo ankaikonda, ndimatha kuing'ung'udza. Ndati ndifunse akuluakulu tanthauzo lake, mwina kalasi ingayambire pamenepo. Ndaing'ung'udza, manyazi ngati ndife.
A Kamzingeni akuti ndi ya nkhondo, asilikali akuwoloka mtsinje waukulu.
Agogo ena a kumtunda akuti ayi, ndi ya mkazi amene anakana kuphika.
Amalume a Sitivi, osafunsidwa, akuti ndi ya munthu amene wasowa thiransipoti.
Onse atatu alumbira.

Masana a Nangozo aitanitsa ovina ngoma ku dibi. Abwera ambiri, poti mbiri ya mtsuko yafika kale paliponse. Chinsinsi cha kuno! Nthenga kumutu, zikopa m'chiuno, zibonga m'manja. Ayeseza pang'ono osaimba, akuti mawu akusungira mawa.

Ndati, nanga kalasi? Alendo akufuna kalasi, osati gule.

A Nangozo andikokera pambali. "Tamvera, ine alendo ndalandira ambiri. A mjigo tinawavinira, mjigo uwo. A mlatho tinawavinira, mlatho uwo. Munthu wa ku ofesi akaona nthenga ndi fumbi salemba zoipa. Ana akhale kutsogolo ndi makope, mdala uja ayankhule zakezo. Akakufunsa kuti akuti chiyani, ungoti akuthokoza boma chifukwa cha chitukuko. Adziwa ndani?"

Ndati koma ngati sakunena zimenezo?

"Iwe ukufuna malata kapena ukufuna kupita kumwamba lero lomwe?"

Ndikufuna malata. Ndayeseza panjira yonse: akuthokoza boma chifukwa cha chitukuko. Akuthokoza boma chifukwa cha chitukuko. Zikutuluka bwino ndithu. Mwinanso adzanenadi zimenezo. Munthu angathe kuthokoza boma m'Chingoni, chingamuletse n'chiyani?

Vuto lina: a Kamzingeni alibe chishango. Chawo anagulitsa kwa munthu wa ziboliboli chaka cha njala. Akuti popanda chishango sangaime pamaso pa alendo ngati mwana wamasiye.

Ndazungulirazungulira pakhomo, kenako ndawapempha amayi chishango cha abambo. Ndimayembekeza chipande china. Koma ayi. Alowa kuchipinda, atuluka nacho, akhala pamkeka. Achipukuta fumbi ndi kansalu, apaka mafuta ophikira m'mbali momwe chikopa chinayamba kuuma. Nthawi yaitali ndithu. Pondipatsa akuti, "Chibwere chisakununkha thobwa la alendo lija."

Amadziwa!!

Tadala abweretsa foni ya achemwali ake kuti tijambule mawu onse. Ulendo uno Chingoni chikangotuluka, sichithawanso.

Zovala ndasita. Makope a ana ndapempha. Mawu olandirira alendo ndalemba masamba awiri, muli ndi mwambi womwe.

Loweruka

M'mawa.

Alendo akuti afika m'mawa. Tonse tili ku dibi: ana ndi makope, ovina ndi nthenga, azimayi ndi nthungululu zokonzeka. Mtsuko wafika pa wilibala, wavindikiridwa ndi chitenje ngati wodwala. A Kamzingeni akuti mowa ukafika sudikira munthu wamoyo, eni nthaka alawe kaye. Athira pansi. Kenako akuti tione ngati eni nthaka sanapatsidwe zowawasa. Chipanda chayamba kuyenda.

Ndati chonde dikirani alendo! Akuti akungotsuka kukhosi.

Dzuwa pamutu.

Alendo kulibe. Alangizi pa foni akuti "tanyamuka". Kukhosi kukutsukidwabe. Ana ayamba kupanga ndege ndi masamba a m'makope. Chitseko chagwa kangapo, ulendo wina pa phazi langa.

Galimoto iliyonse ikamveka kumsewu ndikuimirira. Ya mbatatesi. Ya mbatatesi. Ya makala.

Dzuwa lapendeka.

Alangizi akuti "tili pa Nsipe". Pa Nsipe anali pomwepo kalekale! Ana ambiri athawira ku madimba kukakunkha mbatatesi zotsala. Ovina ena agona tsonga, nthenga zili pamphuno. Wina wapita kukasintha zovala, sanabwerenso. Amalume a Sitivi akufotokozera galu wa a Nangozo za misewu ya ku Joni. Mtsuko ukulira ngati ng'oma ukaugogoda.

Mawu anga olandirira alendo anyowa ndi thukuta la m'manja.

Madzulo. Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Afika dzuwa litafiira. Galimoto yoyera, bambo wa kope lalikulu, mayi wa magalasi, ndi alangizi. Apepesa, akuti midzi inali yambiri, ndipo sakhalitsa. Ophunzira amene atsala: Tadala, Yamikani atagwira chitseko, ndi tiana tingapo tosadziwa n'kulemba komwe. Mawu anga ndawerenga mzere woyamba wokha, mphepo yatenga tsamba lachiwiri, mwambi uli momwemo.

Ndimati zatha. Kenako a Kamzingeni aimirira.

Sakudzandira. Atenga chishango cha abambo, akhuthulira pansi masese otsala m'chipanda, agunda phazi. Fumbi. Agundanso. Ndiye chatuluka!

Chingoni! Chenicheni! Osati nyimbo yokha, kuyankhula. Mawu ataliatali, ena ogunda ngati mwala, ena oterera, akutsika ngati madzi a m'phiri mvula itagwa. Munthu wa mbuzi za aneba uja kulibe, waima wina. Ovina ogona aja adzuka okha, ayamba kuvomera pansipansi. Akuyankhula akuyang'ana nthaka, kenako phiri, kenako chishango. Ndipo pakati pa mawu onsewo ndamva chiwongo cha abambo. Achitchula, agunda chishango, achitchulanso, misozi ili m'ndevu. Amayi, amene anati sabwera, ndawaona aima kuseri kwa mpanda, chitenje chili pakamwa.

Cholembera chinali m'manja. Sindinalembe ngakhale kadontho.

Amaliza. Mayi wa magalasi wapukuta magalasi ake, watembenukira kwa ine. "Aphunzitsi athu aang'ono, tatiuzani, agogowa akuti chiyani?"

A Nangozo anditsina pamsana. Mawu aja anali okonzeka pa lilime, ndinawayeseza bwinobwino. Koma munthu watchula abambo anga akulira, ine ndinene kuti amathokoza za chitukuko?

Ndati, "Sindikumva."

Anditsinanso, kowawa.

"Sindikumva, amayi. Pano palibe amene akumva. N'chifukwa chake tikufuna kanyumbako."

Amalume a Sitivi alowererapo kuti apulumutse zinthu: "Mwachidule, bwana, akuti simenti yachedwa." A Nangozo awakhazika pansi ndi diso lokha.

Bambo wa kope wafunsa kuti kalasi yaphunzira zotani mpaka pano. Yamikani, mokweza, "Zaithwa!" Wafuna kuwonjezera la ku Joni lija, ndamutseka pakamwa, chitseko chagwa.

Mayi uja wandigwira paphewa. Anali wachifundo, zimenezo ndisaname. Akuti zimene waona sadzaziiwala. Koma ndondomeko ikufuna kalasi yoti ikuyenda kale, ya mphunzitsi woti angaphunzitse tsiku lililonse, "osati podikira mtsuko". Ndafuna kufunsa kuti ikanakhala ikuyenda kale, bwenzi tikupempha chiyani? Dzanja lija lero silinakwere.

A Nangozo sanataye nthawi: "Alendo athu, poti kukada, tiyeni muone pamene tikufuna shedi. Mchenga tinatuta kale." Anatuta liti?! Onse atsetserekera kumsewu, ngakhale ovina, nthenga zili pendapenda. Kumeneko bambo wa kope walemba kwambiri. M'galimoto mwalowa thumba la mbatatesi.

Ikunyamuka, mudzi wonse pamodzi, mokweza, momveka bwino: "Zaithwaaa!"

Kalasi yanga imeneyo.

Lamulungu

Shedi. Alangizi atumiza uthenga kwa a Nangozo m'mawa. Azibambo akugwirana chanza pabwalo la tchalitchi ngati awina mpira.

Mu kwaya ndaimba pansipansi. Palibe wandiseka, kupatula anyamata a pa bawo amene akunditchula kuti Aphunzitsi a Zaithwa. Dzinali ndikuona kuti likhala.

Tamvetsera foni ija ndi Tadala. Muli mphepo. Muli nthungululu za mayi amene anaima pafupi ndi Tadala. Muli amalume akufunsa ngati mumtsuko mwatsala kanthu. Chakumapeto, patali kwambiri, kukumveka ngati munthu akuyankhula m'chitsime. Kenako foni inadzaza.

Masana a Kamzingeni abweretsa chishango, atamanga kansalu konyowa kumutu. Ndawapatsa mpando, ndatulutsa kope mwakachetechete. Ndati agogo, dzulo paja munkati chiyani?

"Ndinayankhula ine?"

Ndati kwambiri. Munatchula abambo.

Asisita chikopa cha chishango. "Ndiye kuti anabwera. Amakonda fumbi mnyamata ameneuja." Kenako, "Nanga ndinati chiyani?"

Akundifunsa ine!

Akuti mwezi wa mawa kuli chiliza kutsidya, kudzakhala mitsuko yeniyeni, osati kamtsuko ka komiti. Ndikafuna ndidzaime pafupi ndi kope langa, ndidzagwire ndekha zimene ndingagwire, iwo sangalonjeze kanthu. Ndayang'ana amayi. Amayi anunkhiza chishango, akwinya mphuno, akachipachika pamalo pake. Potuluka akuti, "Ukadzapita udzaime kumene mphepo ikuchokera. Ndipo yunifolomu ya kwaya isadzayandikire kumeneko."

Kanyumba kulibe. Sola kulibe. Shelefu kulibe. Nkhuku ili pa tebulo pano ndikulemba, ikujompha chivundikiro cha kope. Mawa ku dimba.

A Nangozo adutsa chakumadzulo. Ndimati abwera kudzamaliza kutsina kuja. Akuti ndinawachititsa manyazi pamaso pa alendo, mutu wanga ndi wouma ngati wa malemu abambo anga, koma zilembo zanga pa chitseko paja zinali zooneka bwino. Komiti ya shedi ikufuna mlembi. Misonkhano ndi Lachitatu lililonse, alawansi palibe.

Ndayang'ana pansi. Ndafunafuna mawu okanira, m'Chichewa, mwaulemu, mwadongosolo.

Chatuluka n'Chingoni chonse chimene ndili nacho.

Zaithwa.